Duku Lachikasu la Fumbi

Kuchokera tsiku limene anaika mwamuna wake Danwell Zimba, Tryphena ankadya chifukwa choti nthawi yodya yakwana basi. Mchere ndi shuga m'kamwa mwake zinali chimodzimodzi. Akauzidwa kuti akhale pansi ankakhala, akauzidwa kuti aimirire ankaimirira, ndipo amayi a kutchalitchi ankamutama kuti ndi wamasiye wolimba mtima. Kulimba mtima kwa chiyani? Munthuyo mkati munangoti mbee, ngati nkhokwe mwezi wa Febuluwale.

Chaka chinali pafupi kukwana koma iye anali akadali m'diresi lakuda ndi duku lakuda. Zovala zimenezi wamasiye savula yekha, amachita kumuvula abale a mwamuna pa tsiku lomusudzula, ndipo a Zimba a kwa Kapichila anali asanatchule tsikulo. Tryphena ankangodikira m'kanyumba kake pa boma la Lundazi, pamodzi ndi mwana wake Evelina wa zaka zinayi. Evelina yekhayo ndiye ankati akaitana, mayi ake n'kutembenuka msanga.

Lamulungu lililonse masana kunkabwera Mizeck Sakala, makaniko wochokera ku Chipata amene ankagwira ntchito ndi malemu Danwell. M'nyumba sankalowa. Ankakhala pa chitsa cha mtengo wa mango pabwalo, poyera, kuti aliyense wodutsa aone kuti palibe chobisika. Tsiku limeneli anafika ndi kamtengo m'manja, n'kuyamba kujambula pansi.

"Onani apa, amake Evelina. Apa ni pa Lundazi. Tikwela basi Loweluka la mulungu wamawa, m'mamawa. Apa pa Chipata, tigona kwa alongosi anga. Kukacha, uyu mseu wautali uyu, tiwoloka Luangwa, mpaka Lusaka."

Ankanena za rali, mpikisano waukulu wa magalimoto othamanga m'misewu ya fumbi, umene anthu ankaumvera pa wailesi chaka ndi chaka. Danwell ankaukonda koopsa. Nthawi yake ikakwana ankakanikiza khutu pa wailesi mpaka chakudya kuzizira, kenako n'kulonjeza mkazi wake kuti chaka chamawa akaonera ndi maso. Chaka chamawacho chinamupeza ali kumanda. Tsono Mizeck anali atalitola lonjezolo n'kulisenza ngati lake.

"Mamotoka ake si awa a pa boma," anatero Mizeck, maso ali gwa. "Ali na manyale ambili kutsogolo, namba ikulu pa chitseko, mkati anaikamo nsimbi kuti akagubuduka munthu asafe. Ena achokela ku Kenya. Akapita pamene muli, motoka simuiona iyai, muona chabe fumbi."

Ankalankhula ngati anayendetsapo imodzi, pamene nayenso anangoona zithunzi m'nyuzipepala yokulungira zomangira injini.

"Nanga ngati motoka sitiiona, tikaona chiani?" anafunsa Tryphena.

"Fumbi lomwelo!"

Evelina anaseka mpaka kugwa pansi, chifukwa choti Mizeck waseka. Tryphena anaona kuti apa m'poyenera kumwetulira, ndipo anayesa. Ngati ankamukonda mwamunayu, iye sankadziwa. Chimene ankadziwa n'choti Lamulungu masana ankatha msanga kusiyana ndi masiku ena.

Mizeck anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa kanthu kokulunga m'pepala. Linali duku lachikasu, lokhala ndi timasamba tobiriwira m'mphepete.

"Ni la fumbi chabe," anafulumira kunena. "Kumeneko aliyense amanga kumutu na pamphuno. Zakuda zikagwila fumbi sizioneka bwino."

Wamasiye amene sanasudzulidwe salandira nsalu kwa mwamuna. Tryphena ankazidziwa zimenezo monga ankadziwira dzina lake. Koma dzanja lake linali litazolowera kulandira chilichonse chimene anthu alipatsa, kaya ndi chipepeso kaya ndi mankhwala, ndipo linalandiranso. Mizeck atapita, analiika dukulo pansi pa pilo, Evelina akuyang'ana.

*

Lachiwiri kunamveka kuti ku shopu ya boma kwabwera sopo, ndipo mzere unafika mpaka kumsewu. Anyamata a chipani ankayenda m'mbali mwa mzerewo kufunsa makadi. Tryphena anaonetsa yake osayang'ana n'komwe amene akuifunsa.

"Ba Tryphena! Mwauka bwanji, mama?"

Anali Consolata, wotayipa makalata pa boma, mtsikana wa ku Lusaka wa wigi ndi nsapato za gogoda. Tauni yonse inkadziwa za sitovu yake ya parafini, imene inkapita kwa Mizeck kukakonzedwa mwezi uliwonse ngakhale inkayaka bwinobwino. Analowa pamzerepo kutsogolo kwa Tryphena ngati malowo anachita kumusungira.

"Namvela ati muyenda ku rali."

"A Mizeck ndiye akamba."

"Awe, ni chabwino. Ine ku Lusaka ni kwathu, niziba na pa kona pamene mamotoka yamagubuduka. Nenze nabauza ba Mizeck ati nizabapeleka, manje beve ati malo yatha." Anaseka pang'ono, n'kuyang'ana diresi lakudalo kuyambira m'khosi mpaka kumapazi. "Koma apongozi banu ni bantu babwino, mwandi. Kuvomela mukazi wa malilo kuyenda na mwamuna, kugona mu njila! Kwathu sembe ni nkhani."

Mzere unasuntha pang'ono, ndipo Consolata anatembenukanso.

"Ba Jemima ba kwa Kapichila, si ndiye sisita wa malemu? Tili pamozi mu ligi ya bazimai ya chipani. Mailo tili na miting'i. Nizabapasa moni wanu."

Munthu wamoyo akanamva kuzizira mumsana. Tryphena anamva mawuwo bwinobwino, anawamvetsanso, koma anangopitiriza kuyang'ana mulu wa sopo pa kauntala ukuchepa. Consolata anatenga mtanda womaliza, n'kumugwedezera dzanja potuluka. Tryphena anabwerera kunyumba chimanjamanja, ndipo ngakhale zimenezo sizinamupweteke.

*

Mizeck anabwera Lachisanu, tsiku limene silinali lake. Anali m'malaya ositidwa, thalauza lofiira ndi fumbi mpaka m'mawondo, nkhope ikuwala ngati ya munthu amene wapambana mlandu. Sanadikire n'komwe kuti apatsidwe madzi.

"Zonse nakonza, amake Evelina. Palibe amene azakamba kanthu. Nachokela ku Chikomeni."

"Ku Chikomeni mwakatenga chiani?"

"Kwa amalume anu, a Philemon. Nabweleka njinga, nagula tambala mkulu, nakagwada. Ine sindine munthu wotenga mwana wa eni mwakuba. Kwathu ukafuna kanthu pa mwana wa munthu, upita kwa amalume ake, ndiye eni mbumba."

Tryphena anasiya kusankha mtedza umene unali m'lichero.

"Asibweni anati chiani?" anafunsa, akutchula amalume akewo m'Chitumbuka.

"Analandila tambala. Anati yewo chomene. Anati tamva."

A Philemon amenewa chibadwire sanakanepo nkhuku. Akanabwera munthu kudzawapempha mwezi wa kumwamba, malinga ali ndi tambala kukhwapa, akanatinso tamva. Ndipo akamwa pang'ono, chimene amva m'mawa chinkakhala chitafika midzi itatu dzuwa lisanalowe.

"A Mizeck," anatero Tryphena, mawu ake ali phee ngati akuwerenga nyimbo ya m'buku, "mwagogoda pa khomo losayenela. Asibweni alibe mau pa ine. A Zimba analowola na ng'ombe. Ine ndine wa a Zimba mpaka anisudzule. Evelina ni wa a Zimba mpaka kufa."

"Iyai, mwana ni wa amai ake! Angakhale bwanji wa..."

"Kwanu. Kuno yayi."

Mizeck anakhala pansi pa chitsa chija pang'onopang'ono. Zaka zonse zimene anakhala pa Lundazi anaphunzira kupereka moni wa Chitumbuka, anaphunzira kuti mitengo ya zinthu amaitchula bwanji pamsika, koma ichi chokha sanafunse. Safunsa anadya phula. Chisoni chake n'choti phula limeneli ankati adye ndi ena.

"Ninati nichite mwaulemu," anatero motsitsa.

"Nidziwa."

"Ndipo pali china." Anayang'ana nsapato zake. "Sin'napemphe ulendo chabe. Nawauza kuti mukavula zakuda, ine nifuna kukutengani. Imwe na mwana. Ninafuna kukuuzani ku Lusaka, mamotoka atapita, mutaseka ngakhale kamodzi."

Mawu amenewa mkazi wina akanawasunga moyo wake wonse. Tryphena anawamva ngati mvula imene ikugwa pa denga la nyumba ya eni. Anayang'ana mwamunayo, manja ake akuda ndi mafuta a injini amene sopo sachotsa, khosi lake lotuluka thukuta chifukwa chopalasa njinga ulendo wonse uja, ndipo anamumvera chisoni. Chisonicho chinali chenicheni, ndipo chinamudabwitsa.

"Nanga imwe mukuti bwanji?" anafunsa Mizeck.

"Sinidziwa, a Mizeck. Sinikukanani, sinikuvomelani. Mtima wanga unapita kumanda kuja, ukalibe kubwela."

"Nizauyembekeza."

"Mukanayembekeza na tambala yemwe."

Mizeck anaimirira. Anati apita yekha kwa Kapichila kukapepesa. Tryphena anamuuza kuti akakaponda kumeneko ndiye kuti wathira parafini pamoto. Mizeck anati nanga ulendo uja? Tryphena anati sakudziwa. Mizeck, poti ndi munthu amene sakhulupirira kuti pali chinthu chosakonzeka, anaganiza kuti kusadziwako ndi theka la kuvomera, ndipo anachoka akunena kuti akalankhula ndi kondakitala wa basi za malo.

*

A kwa Kapichila anafika Lolemba m'mawa, dzuwa litangoyamba kutentha. Jemima, mlongo wake wa Danwell, anali patsogolo, chitenje cha chipani chili m'chiuno. Pambuyo pake Laban, mkulu wake wa malemu, ankakankha njinga.

"Odi kuno."

"Odini. Monire, alamu."

"Yewo. Mwawuka uli, mulamu?"

"Tawuka makora."

Tryphena anayala mphasa. Laban anakana kukhala, anaimirira chapatali atagwira njinga yake, akupondaponda chopalasira ngati chili ndi vuto. Anali munthu wofatsa, wa mkazi ndi ana asanu, ndipo zinkaoneka kuti akanakonda kukhala kumunda kwake kwa fodya kuposa pano.

Jemima ndi Tryphena kale anali pa chinzake. Ndi Jemima amene anamugwira dzanja kumanda, ndi iyenso amene anamumanga duku lakudalo. Lero sanamuyang'ane kumaso.

"Mulamu, nkhani yafika kwa adada kawiri. Koyamba nabwera nayo ndine, nditaimva ku msonkhano, kuti ukupita ku Lusaka ndi mwamuna kukaonera magalimoto. Ndinawauza adada kuti ndi mabodza a mtsikana wansanje. Ndinakuikira kumbuyo, wamva? Kachiwiri yabwera ndi anthu a ku mowa. Akuti chokolo cha a Zimba chikufunsiridwa ku Chikomeni ndi tambala, chikadali m'zakuda, eni ake ali moyo."

"Sindinamutume."

"Ndikudziwa kuti sunamutume. Koma adada sakutuluka m'nyumba ndi manyazi." Jemima anasalaza chitenje chake pa mawondo. "Chimene chikundiwawa n'chakuti zonse zinali zitatha. Adada anali atanena kale kuti tikatha kukolola tikusudzule bwinobwino, upite ndi mwana, umulere mpaka adzakule. Anati NyaMtonga watisungira ulemu, sitingamulande mwana. Mowa wake amama anali atayamba kale kuviika chimera. Mukanangodikira pang'ono!"

NyaMtonga linali dzina la Tryphena la kwawo, limene apongozi ake ankamuitanira akakhala okondwa naye. Analimva, n'kuona kuti nkhuku ya oyandikana nawo yalowa m'lichero la mtedza, koma sanaiingitse.

"Tsono adada akuti chiyani?"

"Akuti Loweruka lino ubwere kumudzi. Akuluakulu adzakhala pansi. Adzakufunsa ngati ulowa m'nyumba ya a Laban kapena ufuna kusudzulidwa. Ukalowa kwa a Laban, mwana uli naye. Ukasankha kupita, upita wekha. Ukapanda kubwera, ndiye kuti wadzisudzula wekha, ndipo pakhomo pathu usadzapondenso."

Laban anatsokomola. "Ine sindinapemphe zimenezi, mulamu," anatero, akulankhula ndi njinga.

"Ndipo Evelina," anapitiriza Jemima, "akuti tibwere naye lero. Akuti mwana wa a Zimba sangagone m'njira ndi mwamuna wachilendo."

Apa m'pamene mayi amayenera kudzigwetsa pansi, kukuwa, kuitana oyandikana nawo. Tryphena anaimirira n'kulowa m'nyumba. Anatenga timadiresi ta mwanayo n'kutipinda bwinobwino, ngodya ndi ngodya, anaikapo juzi chifukwa kwa Kapichila kumazizira m'mawa, anaikaponso kapu yake ya pulasitiki yofiira imene sankamwera ina. Manja ankagwira ntchito, mwini wake akungowaonerera. Anamanga mfundo n'kutuluka nalo phukusilo.

"Evelina! Bwela, ukwele njinga na adada akulu."

Mwanayo anali atamva kale mawu akuti ulendo. Anatulukira pakhomo akuthamanga. Kumutu kwake kunali duku lachikasu lija, lomangidwa mokhota, nsonga imodzi ikulendewera pamphuno.

"Ankhazi, onani!" mwanayo anauza Jemima, azakhali ake. "Ni la fumbi! A Mizeck anapatsa amama. Tiyenda kukaona mamotoka!"

Jemima anayang'ana dukulo, kenako anayang'ana mlamu wake kumaso kwa nthawi yoyamba.

"Ndi nsalu yomwe unalandira?"

"Enya."

"Ine ndikukuikira kumbuyo kwa adada, nsalu ili pansi pa pilo?"

Tryphena anapereka phukusi lija kwa Laban. Jemima anatambasula dzanja kuti amuvule mwanayo dukulo, koma Evelina analigwira ndi manja onse awiri n'kuyamba kukwinya nkhope. Jemima anamusiya. Mwina anachita chifundo, mwina anaona kuti ndi bwino adada akalione okha.

Laban anapinda chitenje pa kaliyala n'kumukhazika mwanayo. Evelina anagwira malaya ake kumsana, miyendo ikugwedezeka ndi chimwemwe.

"Amama, imwe mubwela na a Mizeck?"

"Gwilitsa," anatero Tryphena. "Miyendo uitalikitse ku masipoko."

Alendowo anatuluka pa mpanda. Laban anakwera n'kuyamba kupalasa pang'onopang'ono kuti Jemima aziyenda pambali. Kachikasu kaja kanaoneka mpaka pa chigayo, kenako lole ya chimanga inadutsa n'kutukula fumbi lofiira limene linaphimba msewu wonse. Litachepa, kunalibenso kanthu.

*

Tryphena anali akadaimirira pomwepo pamene Mizeck anatulukira mbali ina ya msewu, akuthamanga m'ovolosi yake ya kuntchito.

"Amake Evelina! Malo apezeka! Kondakita wavomela. Loweluka m'mamawa, mipando itatu pamodzi, kutsogolo. Evelina azakhala pa windo kuti aone Luangwa."

Anaima. Anaona mphasa yoyalidwa, matayala a njinga atalemba pansi podutsa paja iye anajambula msewu wa ku Lusaka ndi kamtengo, ndi nkhuku ikudya mtedza popanda woiingitsa.

"Evelina ali kuti?"

Tryphena anatsegula pakamwa kuti ayankhe, ndipo anamva kanthu pa lilime. Linali fumbi la lole ija, lowawa, lokhala ndi mchenga wolumika m'mano. Chinali chinthu choyamba kuchimva kukoma kwake chiikireni Danwell. Pambuyo pa fumbilo panabwera zina zonse nthawi imodzi, mantha, mkwiyo, ndi ululu wa pansi pa nthiti umene unamupinda pakati mpaka anagwira mpanda. Mtima uja ankati ukadali kumanda unali utabwera, ndipo unabwera pa tsiku loipa.

"Wa pa windo wapita, a Mizeck," anatero, misozi ikutsika koyamba. "Loweluka aniitana kwa Kapichila. Nikafuna mwana wanga, nikhala mkazi wa a Laban."

Mizeck anatambasula dzanja kuti amugwire, koma analibweza lisanafike, chifukwa mkaziyo anali akadali m'zakuda ndipo anthu pamsewu anali atayamba kuima.